Kamera Yodekha ndi Mpeni wa Mkonzi

Pali chizolowezi china chimene chakhazikika pakati pa anthu oweruza makanema a maulendo a mumlengalenga, chimene chanditopetsa ine kwa nthawi yaitali ndithu, ndicho chakuti akafuna kutamanda kanema amayamba ndi kuwerenga ndalama zimene zidalowa pomupanga, nasimba za makompyuta amene adajambula nyenyezi ndi malawi a moto, namaliza ndi mawu akuti woonera sapeza mpata ngakhale wopumira. Ine ndikana kuti chimenechi n'chitamando. Pakuti ngati chilipo chinthu chimene anthu onse opita kumwambako adabwera nacho m'kamwa, ndicho chakuti kuli kutali, kuli zii, ndiponso kuti nthawi imayenda mwaulesi. Ndipo mmisiri amene alanda woonera mpata wopumira wamulanda chinthu chenichenicho chimene adadzera. Kuchokera pano kukafika ku Mwezi pali makilomita pafupifupi 384,000, ulendo wa masiku oposa atatu, ndipo m'njira monsemo mulibe mpweya woti n'kunyamula liwu. Kanema amene adula chithunzi masekondi awiri aliwonse, nadzaza makutu athu ndi ng'oma ndi malipenga, angakhale wokongola chotani, wachita umboni wonama pa zinthu ziwiri zimenezi.

Luso limene ndifuna kulimenyera nkhondo pano ndi lodzichepetsa kwambiri: kuika kamera pamalo amodzi, kuileka kuti iyang'ane, ndi kuletsa dzanja la mkonzi kuti lisafulumire kutola mpeni. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindidziwa kanema wina amene adamvera mawuwa koposa Apollo 11, amene Todd Douglas Miller adatulutsa m'chaka cha 2019, patapita zaka 50 chichitikire ulendowo.

Miller adapeza chuma chimene anzake ambiri akadachimwaza. M'nyumba yosungiramo zakale ya boma la America, National Archives, mudali mafilimu aakulu a mamilimita 65 amene adajambulidwa masiku a ulendowo koma ambiri a iwo osaonetsedwa konse, ndiponso padali mawu ojambulidwa a maola oposa 11,000, a anthu amene adakhala pa matebulo ku Houston kulondola chombo usana ndi usiku. Munthu wamba wa ntchito imeneyi akadaitana wofotokoza wa liwu lolemera, akadakhazika nkhalamba khumi pa mipando kuti zikumbukire, nadula zithunzi zakalezo tizidutswatizidutswa toika pakati pa nkhope zawo. Iye sadatero. Mu mphindi 93 za kanemayu mulibe munthu wa masiku ano amene atiuza chimene tiyenera kumva mumtima. Pafupifupi mawu onse ndi a mu July 1969, a oyendetsa chombo, a ku Houston, ndi a muulutsi Walter Cronkite monga adalankhulira masiku omwewo. Kanema atseguka ndi chigalimoto choyenda pa matcheni achitsulo chitasenza roketi ya Saturn V, ya mamita oposa 110 kutalika kwake, ndipo chikuyenda pang'onopang'ono kotero kuti amuna ovala zisoti akuyenda pansi pambali pake osathamanga. Kamera siichita manyazi ndi kuchedwa kumeneku. Itisiya tiyang'ane tcheni chimodzi chikugwa pa miyala, china chikutsata, kufikira kulemera kwa chinthucho kutalowa m'mafupa mwathu popanda wina kutchula matani.

M'mawa wa pa 16 July, pamene Neil Armstrong, Buzz Aldrin ndi Michael Collins alikuvekedwa zovala zawo, tiona nkhope zawo pafupi, zosaseka, zosalira, za anthu amene maganizo awo adatsogola kale. Ndipo nthawi yomweyo kamera ina itionetsa amisiri ochepa ali pansanja ya roketi kumanga mabawuti pamene mafuta a hydrogen adali kuchucha, roketi ili yodzaza, eniake ali panjira kudzakwera. Palibe amene akuwa kuti taonani ngozi. Tingomva liwu la mwamuna wa pamalopo likunena za kuchuchako monga munthu anena za ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo mantha amene agwira woonera ndi akeake, obadwa m'maso mwake. Pambuyo pake, atakwera kale, wina ku Houston awerenga kugunda kwa mitima yawo pa nthawi yonyamuka: Armstrong 110, Collins 99, Aldrin 88. Ha, manambala atatu okhawo! Ndani mwa olemba masewero akadatiuza zambiri chotere za amuna atatu m'mpweya umodzi?

Koma pachimake penipeni pa luso limeneli ndi pa kutera kwa chombo cha Eagle pa 20 July. Pazenera la Aldrin padamangidwa kamera yaing'ono ya mamilimita 16, yoyang'ana pansi, ndipo Miller atipatsa chimene kamerayo idaona m'mphindi zomaliza, chonse, osadula, osathawira ku nkhope ya mkazi wodera nkhawa kapena ya mtsogoleri wotuluka thukuta. Pakona pa chithunzi aikapo timanambala tosonyeza kutalika kumene kwatsala ndi mafuta amene atsala, basi. Nthaka yotuwa ikwera kudza kwa ife, maenje aang'ono akula nakhala aakulu, kompyuta ya m'chombo ilira ndi chenjezo la 1202 chifukwa yapatsidwa ntchito yoposa mphamvu yake. Armstrong aona kuti kumene alikupita kuli miyala ikuluikulu, nayendetsa chombo cham'mbali kufunafuna poyera, pamene Charlie Duke ali ku Houston kutchula masekondi 60, kenaka 30. Ndipo taonani, fumbi liyamba kuthawa pansi pa injini m'mizere yowongoka, losafuka ngati la kuno chifukwa kulibe mpweya woligwira, ndi mthunzi wa mwendo wa chombo ulowa m'chithunzi kudzakumana ndi mwini wake. Mphamvu yonse ya malo amenewa ili m'chakuti sitingathawe. Mkonzi akadadula kamodzi kokha, akadatiuza mwakachetechete kuti nthawi ili m'manja mwake, kuti akhoza kuifupikitsa kapena kuitalikitsa monga afuna. Posadula, atitsimikizira kuti sekondi imene ikutha kwa ife ndi yomweyo imene idatha kwa amuna awiriwo, ndi kuti mafuta alikutha m'maso mwathu.

Chimodzimodzi pa tsiku lotsatira, pamene Eagle abwerera kukakumana ndi Columbia, m'mene Collins adatsala yekha kuzungulira Mwezi, wosamva liwu la munthu aliyense nthawi zonse akapita kuseri kwake. Poyamba sitiona kanthu koma nthaka ya Mwezi ikuyenda pansi; kenaka kadontho, kochepa ngati njere ya mapira, kamene munthu akayika ngati kalipodi; ndipo kakula, kakula, kufikira kaoneka kuti ndi nyumba ya anthu awiri amoyo. Kudikira kumeneko ndiko kusungulumwa kwa Collins, ndipo palibe chiganizo chimene chikadakunena bwino koposa. Ndivomera kuti nyimbo za Matt Morton, amene adadziletsa kugwiritsa ntchito chida chilichonse choimbira chimene kudalibe mu 1969, nthawi zina zikwera kuposa muyeso, makamaka pa kunyamuka kwa roketi, pamene kubangula kwa injini zisanu kudali kokwanira pakokha. Koma zimenezi ndi zipsera zazing'ono pa thupi lamphamvu.

Tsono lingalirani makanema ambirimbiri a pa wailesi yakanema, amene atenga zithunzi zomwezi nazikwirira ndi wofotokoza wosapuma, wotiuza kuti ino ndi mphindi yoopsa, kuti dziko lonse lagwira mtima, kuti mbiri ya anthu ilikusintha. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Munthu amene waima pakati pa ine ndi chinthu chimene maso anga akhoza kudzionera okha, ngakhale anene zoona zokhazokha, wandisandutsa womva mphekesera pamene ndikadakhala mboni. In the Shadow of the Moon wa David Sington, wa 2007, ndimukhululukira chifukwa olankhulamo ndi eniake ulendo atakalamba, ndipo Collins ndi wokoma kumumvera. Komabe ndi kanema wa kukumbukira, wosati wa kuona.

Wina adzati zonsezi n'zotheka kwa iye yekha amene ali ndi zithunzi zenizeni, koma wopanga sewero ayenera kusangalatsa anthu amene alipira pakhomo. Yankho lidaperekedwa kale mu 1968, munthu asadaponde pa Mwezi, pamene Stanley Kubrick adatulutsa 2001: A Space Odyssey. Frank Poole atatuluka kunja kwa chombo, chimene timva ndi kupuma kwake kokha m'kati mwa chisoti ndi kusisima kwa mpweya m'chipaipi, kulowa, kutuluka, kwa nthawi yaitali kotero kuti woonera ayamba kupuma naye pamodzi. Ndipo pamene kompyuta HAL imupha, palibe kuphulika, palibe lipenga, kupumako kungoleka, thupi ndi kumagubuduzika kunka kumdima. Mnzake Dave Bowman, polowanso m'chombo wopanda chisoti, aponyedwa uku ndi uku m'kachipinda mopanda phokoso lililonse, kufikira atatseka chitseko, mpweya nulowa, liwu nilibwera nawo pamodzi. Indetu Kubrick adaika nyimbo ya Johann Strauss pamene zombo zikuyandikizana, ndipo adaiika poyera, monga nyimbo, osanamizira kuti ndi kulira kwa thambo; koma pofika pa imfa adadziwa kuti ayenera kukhala chete. Zaka zoposa 50 zapita, ndipo ana ake m'ntchitoyi alikuopabe chimene iye sadaope.

Mantha awo aonekera m'njira inanso, imene imandiwawa koposa nyimbo. Poganiza kuti thambo palokha silingagwire mtima wa munthu, amasenzetsa woyenda mumlengalenga aliyense maliro a kunyumba. Mu Gravity wa Alfonso Cuarón, wa 2013, chithunzi choyamba chiyenda mphindi zoposa 12 osadulidwa, dziko lathu likutembenuka pansi, anthu akulendewera pambali pa makina a Hubble, ndipo ndidati mumtima mwanga, uyu wamvetsa; koma posachedwa tiuzidwa kuti mayi amene Sandra Bullock akusewera adataya mwana wamkazi, ngati kuti munthu amene mpweya ukumuthera ali yekha kumwamba sayenera chifundo chathu pokhapokha atakhalanso namfedwa. Interstellar ndi bambo wolira mwana, Ad Astra ndi mwana wolira bambo. Za Armageddon sindinenapo kanthu, chikomekome cha mkuyu. Apollo 13 wa Ron Howard ndimulemekeza pa chinthu chimodzi, kuti adakweza azisudzo ake m'ndege ya KC-135 imene ikamatsika mwaliwiro thupi limataya kulemera kwa masekondi ngati 25, kotero kuti kuyandama kwawo n'koona. First Man wa Damien Chazelle, wa 2018, ndiye amene andisautsa kwambiri, chifukwa ali ndi zabwino zazikulu. Pa ulendo wa Gemini 8 wa mu March 1966, pamene chombo cha Armstrong ndi David Scott chidayamba kuzungulira pafupifupi kamodzi pa sekondi, atitsekera m'kachipindako, pakati pa zitsulo zolira ndi misomali yonjenjemera. Ndipo pa Mwezi, chitseko chikatseguka, phokoso lonse lizimirira limodzi ndi mpweya, chimene ndi chanzeru chenicheni. Koma pomwepo aimika Armstrong pamphepete pa dzenje kuti aponyemo kachibangili ka mwana wake Karen, amene adamwaliradi mu 1962 ali ndi zaka ziwiri, chinthu chimene palibe umboni wakuti adachita. Mwamunayo adasunga chisoni chake moyo wake wonse osachiika pamsika, ndipo sikudali kwa wopanga kanema kumuululira chimene iye mwini adabisa.

Ngakhale ndi For All Mankind wa Al Reinert, wa 1989, amene ambiri amuyesa mfumu ya makanema onsewa, ndili naye mlandu, ngakhale ndiunena ndi ulemu. Reinert adadziwa kudekha, ndipo nyimbo za Brian Eno sizikankha munthu. Koma adasakaniza maulendo onse a Apollo kukhala ulendo umodzi, mpaka kulowetsamo Ed White akuyandama kunja kwa Gemini 4 mu 1965, osatchula kuti uyu ndani kapena kuti ndi liti. Chithunzi chosadulidwa mphamvu yake ili m'lonjezo lakuti izi zidachitika chotere, kwa munthu uyu, pa ola ili. Ukaphwanya lonjezolo, chatsala ndi loto lokoma.

Amene adasunga lonjezolo kufikira mapeto ake ndi Christopher Riley mu First Orbit. Yuri Gagarin, pozungulira dziko pa 12 April 1961, sadabwere ndi zithunzi za chimene adaona pazenera. Choncho Riley adapempha Paolo Nespoli wa ku Italy, amene adali pa International Space Station, kuti ajambule dziko pamene njira ya chombo chawo idafanana ndi ya Vostok, chombo cha Gagarin, pa ola lofanana la tsiku, naikapo mawu enieni a Gagarin akulankhula ndi anzake a pansi. Kanemayu atsata ulendowo monga udayendera, kuchokera ku Baikonur, kudutsa Siberia, kulowa mu usiku pamwamba pa nyanja ya Pacific, ndi kutulukiranso kuwala chakumwera kwa Atlantic asadadutse pamwamba pa Africa; ndipo adamuika pa YouTube kwaulere pa 12 April 2011. Ambiri adzatopa naye pofika mu usikumo, pamene kwa nthawi yaitali palibe choona koma mdima ndi kuwala kochepa, ndipo Riley adachita bwino posawafupikitsira, chifukwa Gagarin nayenso sadafupikitsiridwe. Chokhacho chimene ndikadapempha n'chakuti nyimbo za Philip Sheppard zichepetsedwe ndi theka, makamaka pamene wailesi ya Vostok ikukokoma ndipo liwu la mnyamata wa zaka 27 likuyesa kufika pansi.