Ng'oma ya Amisiri a M'mbali mwa Njanji

Lira mbalule! Yankha mpanje! Gunda agunde mpaka a ku Nayuchi amve! Lero tikutamanda amisiri, eni manja okometsa njira za apaulendo.

Ndinu a Chikometsakhoma, a Nyamulapenti, oyenda ndi bulashi m'thumba! Ndinu munajambula sikelo ndi mwendo wa mbuzi pa butchala ya pa Balaka, mutu wometedwa bwino pa babashopu ya pa Ntaja. Gogo wosadziwa zilembo akatsika pa Ulongwe sasochera, chifukwa chithunzi chanu chamulozera kale pogayitsa chimanga ndi pogula mankhwala a thonje. Aphunzitsi opanda choko, alembi a osaphunzira, landirani ulemu!

Ndinu a Mwinisompho, a Chidzutsanjovu, okhala m'mphepete mwa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Zomba! Anzanu akaona chipika amati nkhuni, inu mumaonamo mvuu ya mu Shire itagona. Mugogoda, musema, mukwecha, mupaka polishi, mvuu ija n'kudzuka. Mpando wa mfumu wa matabwa awiri olowetsana ndi wanu. Wakwera ndege mpandowo, wakakhazika alendo kutsidya kwa nyanja, inu mukadali pamthunzi womwewo, zipalapala zili mbwee kumapazi. Olankhulitsa mtengo, landirani ulemu!

Ndinu a Chiveketsanjinga, anyamata a kabaza! Khushoni ya mphonje, magalasi mbali zonse, mawu a nzeru kumbuyo kwa kaliyala. Luso lanu silidikira owonera, limawatsata pa depoti. Okometsa mawilo awiri, landirani ulemu!

Gunda, tembenuka! Tsopano titamande njanji yowasonkhanitsa.

Iwe Balaka, mwini siteshoni, popumira sitima yochokera ku Limbe, pa njanji yomwe inafika ku Salima mu 1935! Kwanu kwa Alleluya Band ya 1978, kwawo kwa a Paul Banda ndi malemu a Lucius Banda! Makutu a Malawi unawadyetsa akakhuta, maso nawo akupempha nsima yawo. Iwe Nkaya, mphambano ya zitsulo, pomwe njanji ya mu 1970 inapatukira ku Liwonde ndi ku Nayuchi kufuna nyanja ya mchere ku Nacala! Mabogi a malasha a ku Moatize amakudutsa usana ndi usiku. Pa masiteshoni anuwa mayi amakhala pa thumba la chimanga, mwana kumsana, kudikira sitima dzuwa n'kupendeka. Maso akewo adye chiyani?

Imvani za kutali. Ku Stockholm sitima zimayenda pansi pa nthaka kuyambira 1950, ndipo mwa masiteshoni 100, oposa 90 anapatsidwa kwa amisiri. Thanthwe lomwe anabowola analipaka utoto, pofuna kuti wopita kuntchito asadutse mumdima wopanda nkhope. Ku Moscow, kumene anatsegula njanji yotereyi mu 1935, madenga a pansi pa nthaka anawayala timiyala tamitundumitundu. Anazindikira kuti wosauka salipira khomo kukaona zithunzi, koma pa siteshoni amapondapo tsiku lililonse. Nzeruyo kwathu si yobwereka: ku Chongoni makolo anajambula pa matanthwe m'malo 127, ndipo UNESCO inawalemekeza mu 2006. Ndinu zidzukulu zawo, amisiri inu!

Choncho tikugwada kwa inu a Gogo Chalo a Nsamala ndi a Kalembo, a Kawinga ndi a Liwonde. Kwa inu a makhonsolo. Kwa inu eni njanji. Makoma a m'misika mwawabwereka otsatsa malonda, a pa siteshoni apatseni ana anu. Pa Balaka pamere thonje ndi milambe. Pa Nkaya paoneke manja a omwe anayala njanji. Pa Liwonde payime baraji ya 1965, mvuu zikusuzumira m'madzi. Pa Nayuchi pavinidwe beni ndi manganje, mabwato a pa Chiuta akukocheza. Ndipo mmisiri alipidwe, dzina lake lilembedwe pakhomapo, pakuti zikomo sagula penti.

A Chikometsakhoma, sakanizani utoto! A Mwinisompho, nolani sompho, ndipo podula mlombwa umodzi mudzale ina! Amayi, nthungululu! Anyamata, makwerero pakhoma, ntchito iyambike!