Kiyi wosatsekula chitseko

Kiyi wa bungwe la Phi Beta Kappa ndi kagolide kakang'ono ka ngodya zinayi, kamphete pamwamba, kamwendo pansi. Kumaso kwake kuli zilembo zitatu za Chigiriki. Pangodya ya m'munsi pali dzanja lotambasula chala, ndipo ukachitsata chalacho diso lako limadutsa pakati pa zilembozo n'kukafika pa nyenyezi zitatu zili pangodya ya pamwamba. Nyenyezizo zimaimira ubwenzi, khalidwe ndi maphunziro. Mmisiri wake sanadzaze malo onse. Anasiya golide wosalala kuti diso liyende njira imodzi, kuchoka pa munthu kupita ku chimene akufunafuna. Ine ndimagoma ndi kudziletsa kumeneku.

Poyamba sanali kiyi ayi. Ophunzira a pa College of William and Mary ku Williamsburg, m'dera la Virginia, atakhazikitsa bungweli pa 5 Disembala 1776, chizindikiro chawo chinali mendulo ya siliva. Linali gulu lachinsinsi lenileni, lokhala ndi lumbiro komanso moni wakewake wa m'manja. Zilembo za Chigirikizo zinali zobisira mawu amene mamembala okha ankawadziwa. Kamwendo kaja kanabwera pambuyo pake, kuti mwini wake azipukusira wotchi ya m'thumba. Chinthu chobisa chinasanduka chipangizo cha tsiku ndi tsiku, cholendewera pa tcheni, aliyense n'kumachiona.

Chinsinsicho chinatha chifukwa cha mkwiyo wa anthu. William Morgan atasowa ku New York mu 1826, ataopseza kuti aulula za a Freemason, anthu ambiri a ku America anaipidwa ndi magulu olumbiritsa anthu. Mu 1831 nthambi ya Phi Beta Kappa ya ku Harvard inasiya zachinsinsi, ndipo pang'ono ndi pang'ono Phi Beta Kappa inasanduka bungwe lolemekeza okhoza bwino m'maphunziro. Chaka chotsatira, ku Yale, William Huntington Russell ndi Alphonso Taft anayambitsa Skull and Bones, gulu limene linagwiritsitsa chimene enawo ankataya.

Mayina a magulu a m'makoleji a ku America amasokoneza, koma ntchito ya manja a amisiri siinama. Nyumba ya Skull and Bones ku New Haven ndi ya miyala yoderako, pafupifupi yopanda mawindo, ndipo amaitcha manda. Chaka chilichonse amasankha anthu 15 okha, pa zifukwa zimene salengeza. Zakudambwe saulula: George W. Bush ndi John Kerry, amene anapikisana pa upulezidenti mu 2004, onse anali a gululi, ndipo onse anakana kufotokoza za m'katimo atafunsidwa pa wailesi yakanema.

Tembenuza kiyi uja. Kumbuyo kuli zilembo S ndi P, tsiku lija la 1776, ndiyeno dzina la mwini wake, nthambi yake ndi chaka chimene anasankhidwa, zozokotedwa kuti wina aliyense awerenge. Muyeso wake ndi wodziwika: magiredi apamwamba m'maphunziro osiyanasiyana, ndipo osankhidwa kawirikawiri sapitirira mmodzi mwa ophunzira khumi. Muyeso ukakhala poyera, zimavuta kukana munthu woukwanitsa. Nthambi ya ku University of Vermont inalandira akazi mu 1875, ndipo mu 1877 inasankha George Washington Henderson, munthu wobadwira mu ukapolo. Skull and Bones inadikira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kuti ilandire mkazi.