Kadontho ka paliwombo pa mbale yamkuwa

Ku Museo Arqueológico Nacional, mumzinda wa Madrid, amasunga chida chamkuwa chimene mmisiri Ibrahim ibn Said al-Sahli anapanga ku Toledo m'chaka cha 1067. Dzina lake ndi astrolabe. Ndi chida chimenechi akatswiri a zakuthambo ankayeza mmene dzuwa kapena nyenyezi yakwerera, n'kudziwa nthawi, usana ngakhale usiku. Mkati mwake mumalowa mbale zopyapyala, ndipo pa mbale iliyonse pali mizere yozungulira yozokotedwa, wina mkati mwa unzake, yomka nicheperachepera mpaka kukathera pa kadontho kamodzi. Mizere ina yokhota imachokera pa kadonthoko ngati ulusi wa kangaude. M'Chiarabu kadontho kameneka ndi samt ar-ra's, kutanthauza njira yolunjika pamutu.

Amene anapeka dzinali anali ndi maso. Malo amene akunenedwawo, pamwamba penipeni pa thambo, alibe nyenyezi yakeyake yoti ungaloze. Amayenda ndi munthu. Wa ku Baghdad ali ndi ake, wa ku Toledo ali ndi akenso. Ndiye chinthu chopanda malo okhazikika ungachitchule bwanji? Iwo anachimangirira pa thupi la woyang'anayo: imirira chilili, kumene mutu wako waloza ndi komweko. Ife timamva msanga nzeru imeneyi chifukwa nafenso masana timati dzuwa lili paliwombo. Kungoti kwathu kuno dzuwa limafikadi paliwombo penipeni kawiri pa chaka, mthunzi n'kubisala kunsi kwa mapazi, pamene ku Toledo ndi ku Baghdad silifikapo ndi tsiku limodzi lomwe.

Kwa mmisiri, zimenezi zinali ntchito yakalavulagaga. Popeza kadonthoko kamasuntha munthu akapita kumpoto kapena kummwera, mbale ya mzinda wina sikanathandiza kumzinda wina wakutali, choncho ankazokota mbale zingapo zosinthanitsa. Kadonthoko sikakhalanso pakati pa mbale, chifukwa pakatipo ndi pa malo amene thambo lonse limaoneka ngati likuzungulirapo. Kamakhala chapambali, ndipo mzere wozungulira uliwonse uli ndi pakati pakepake ndi kukula kwakekwake, zimene ankayenera kuwerengetsera asanakhudze mkuwa. Mkuwa si pepala loti ungafufute. Dzanja likangoterereka pang'ono, nthawi ya swala yasokonekera kwa aliyense amene adzagwire chidacho. Ndikaona mmene mizereyo imathithikanira pafupi ndi kadonthoko popanda wina kuponda unzake, ndimaganiza za munthu atawerama pa mbale masiku ambirimbiri, mpweya ali gwiriregwirire.

Kenako mawu a samt ar-ra's aja anayamba ulendo. M'zaka za m'ma 1100, ku Toledo ndi ku Barcelona, anthu monga Gerard wa ku Cremona ndi Plato wa ku Tivoli ankamasulira m'Chilatini mabuku a akatswiri ngati al-Farghani ndi al-Battani. Mawu ena aukatswiri ankangowalemba mmene amamvekera. Mbali yonena za mutu, ar-ra's, inatsalira m'njira, n'kupitirira samt yekha. Ndiye kunabwera alembi okopera mabuku pamanja. M'kalembedwe ka nthawi imeneyo, chilembo cha m chinali timizere titatu toimirira, n tiwiri, ndipo i kamodzi kopanda kadontho pamwamba. Mlembi wosadziwa Chiarabu ataona timizere titatu anawerenga ni m'malo mwa m, ndipo m'Chilatini munabadwa senit kapena cenit. Sindimuona mlembiyo ngati wosasamala. Anakopera mokhulupirika timizere tonse titatu, osataya ngakhale kamodzi. Chimene analibe ndi munthu womuuza katchulidwe kake.

Kuchokera apo, chinenero chilichonse chinawaumba mwa lilime lake: cenit m'Chisipanishi, zénith m'Chifalansa, Zenit m'Chijeremani, zenit m'Chitaliyana ndi m'Chirasha, zenith m'Chingerezi. Geoffrey Chaucer anawagwiritsa kale ntchito cha mu 1391 m'kabuku kophunzitsa mwana wake Lewis kagwiridwe ka astrolabe. Lero ali pa mawotchi a Zenith a ku Le Locle m'dziko la Switzerland, pa makamera akale a Zenit a ku Soviet Union, komanso pa malaya a timu ya mpira ya Zenit ya ku Saint Petersburg.

Samt sanayende yekha. Malo oyang'anizana naye, a kunsi kwa mapazi, ndi nazir as-samt, ndipo pamenepa panatsala mawu oyamba okha, nadir. Mizere yokhota ija, yochokera pa kadontho ka al-Sahli kutsikira kumene thambo limakumana ndi dziko, ndi njira zambiri, as-sumut. Mawu amenewa anasanduka azimuth, ndipo iwo okha ndi amene anawoloka m'manja mwa alembi onsewo chilembo chawo cha m chili chonse.