Mawu a Brutus Jones ndi a Yani? Mbiri ya Sewero la The Emperor Jones Pabwalo la Zisudzo

Sewero la The Emperor Jones, lomwe Eugene O'Neill adalemba mu 1920, ndi lalifupi ndithu. Lili ndi magawo 8 okha ndipo munthu atha kuliwerenga lonse madzulo amodzi. Komabe mkangano umene lidabutsa wadutsa zaka 100 usanazirale. Osanthula ambiri amaufunsa mkanganowu motere: kodi seweroli limanyoza anthu akuda kapena limawalemekeza? Ine ndiona kuti funso limeneli limayankhika bwino tikatsata chiyankhulo, ndiko kuti mawu amene mlembi adaika pakamwa pa atengambali ake, amene adawamana, ndi zimene ochita zisudzo akhala akuchita nawo mawuwo.

Nkhani yake njosavuta. Brutus Jones ndi munthu wakuda wa ku America amene ankatumikira apaulendo m'sitima zapamtunda za kampani ya Pullman. Adapha mnzake Jeff pa juga, kenaka adapha msilikali wa ndende nkuthawira pa chilumba china cha ku West Indies. M'zaka ziwiri zokha adadzilonga ufumu, nawanamiza eni dziko kuti chingamuphe ndi chipolopolo cha siliva basi. Seweroli likuyamba tsiku limene anthu amuukira. Jones athawira m'nkhalango usiku, mfuti m'manja, ndipo m'magawo 6 apakati akumana ndi zimene zili m'mutu mwake: tizinthu ta mantha topanda maonekedwe, Jeff, akaidi a m'maunyolo, msika wa akapolo, chombo chonyamula akapolo, ndipo potsiriza sing'anga wa ku Congo ndi ng'ona. Zipolopolo zikutha, zovala zaufumu zikuthothoka. Kutacha, anthu a mfumu Lem amuwombera ndi zipolopolo za siliva zimene adasula usiku posungunula ndalama.

Kalembedwe kotere, komwe azungu amati expressionism, kadakula ku Germany. Cholinga chake sikujambula dziko monga mmene maso amalionera, koma kutulutsira pabwalo zimene zikuwira mumtima mwa mtengambali, kuti woonerera azione ndi maso. O'Neill ankakana zoti adatengera kwa Ajeremani monga Georg Kaiser. Kaya nzoona kaya ayi, luso lake lalikulu lili pa ng'oma. Iye adalangiza kuti iyambe kulira ka 72 pa mphindi, monga mmene mtima wa munthu wabwinobwino umagundira, ndipo izifulumira pang'onopang'ono osalekeza mpaka Jones atafa.

Gulu la Provincetown Players lidaonetsa seweroli koyamba pa 1 November 1920 m'kanyumba kawo ka mumsewu wa MacDougal ku New York. Wotsogolera, George Cram Cook, adathira pafupifupi ndalama zonse za gululo pomanga chipupa chokhota cha pulasitala kumbuyo kwa nsanja, kuti magetsi akawalirapo chizioneka ngati thambo. Koma chimene anthu adatuluka akukamba ndi Charles Gilpin. Masiku amenewo mbali za anthu akuda m'masewero a azungu nthawi zambiri ankasewera ndi azungu odzipaka mwaye kumaso. Gilpin, wobadwira ku Richmond mu 1878 ndipo wosulidwa m'magulu a zisudzo a anthu akuda monga Lafayette Players a ku Harlem, adasenza yekha pafupifupi sewero lonse. Olemba m'nyuzipepala monga Heywood Broun ndi Alexander Woollcott adamutamanda. Seweroli lidasamukira ku Broadway kumene lidaonetsedwa ka 204, ndipo mu 1921 bungwe la NAACP lidapatsa Gilpin mendulo ya Spingarn. Chaka chomwecho bungwe la Drama League lidazengereza kumuitana kuphwando lolemekeza akatswiri khumi a zisudzo, chonsecho iye adali mmodzi mwa osankhidwawo, mpaka O'Neill ndi anzake ataopseza kuti nawonso sapitako.

Ubale wa awiriwa sudakhalitse, ndipo chidaudula ndi liwu limodzi. Mu seweroli Jones amatchula eni chilumba ndi liwu lachipongwe lija la Chingerezi loyamba ndi chilembo N, osati kamodzi kapena kawiri. Poyendayenda ndi seweroli m'mizinda, Gilpin adayamba kulichotsa liwulo nkumaikapo mawu ena ofatsa. O'Neill adapsa mtima. Olemba mbiri ambiri amanena za mowa umene Gilpin ankamwa, ndipo nzoona ankamwa, koma nkhani ya mowa yaphimba funso lenileni. Mlembi ankaona kuti liwulo ndi gawo la khalidwe la Jones, munthu amene adameza chipongwe cha azungu nkumachilavulira anzake. Gilpin ndiye ankalitulutsa ndi mpweya wake usiku uliwonse pamaso pa azungu amene ankalinena liwu lomwelo kunja kwa bwalo mopanda manyazi. Tanthauzo la liwu silikhala m'buku mokha. Limadalira wolankhula, womvera ndi malo. Pa mfundo iyi Gilpin adadziwa zambiri kuposa mlembi wake. Akuti Gilpin adanenapo kuti Jones adamulenga ndi iye, Mwairishi uja adangolemba sewero. Gilpin adamwalira mu 1930 ali wosauka. Zaka zitapita O'Neill yemwe adavomereza kuti mwa onse amene adasewera m'masewero ake, Gilpin yekha ndiye adakwaniritsa zonse zimene iye adali nazo m'maganizo.

Tsono tiyang'ane mmene chiyankhulo chidagawidwira mu seweroli, pakuti apa mpamene pagona nkhani. Palibe mtengambali ndi mmodzi yemwe amene amayankhula Chingerezi cha m'kalasi. Jones amayankhula Chingerezi cha anthu akuda a ku America, cholembedwa mopotoza zilembo, mwachitsanzo d pamalo pa th. Smithers, mzungu wamalonda, amayankhula cha anthu wamba a ku London chomeza h. Lem amayankhula Chingerezi choduladula. Ofuna kuteteza O'Neill amati mwa njira iyi sadakondere aliyense, ndipo amawonjezera kuti Jones ndi wanzeru ndi wolimba mtima kuposa Smithers, amene ndi wamantha ndi woledzera. Izi nzoona. Koma pali kanthu kena kamene sikatchulidwa kawirikawiri. M'gawo loyamba Jones akumuseka Smithers kuti wakhala zaka 10 pachilumbapo osaphunzira ndi liwu limodzi lomwe la eni dziko, pamene iye adachiphunzira chiyankhulocho. Choncho chiyankhulo chilipo, ndipo mlembi akudziwa kuti chilipo. Komatu woonerera sachimva mpaka sewero kutha. Anthu amene akonza zoukira, nasula zipolopolo, napambana, timangowamva m'Chingerezi chothyokathyoka, ngati kuti nzeru zawo nzothyokanso.

Tikafika kwa sing'anga wa ku Congo, pampondachimera pa sewero, zinthu zikunyanya. Malangizo a mlembi akuti nyimbo yake isakhale ndi mawu omveka. Ulendo wa Jones wobwerera m'mbuyo ukuchoka ku America wa sitima ndi ndende, kudutsa pa msika wa akapolo ndi panyanja, nkukathera ku Africa, ndipo pamene Africa akuoneka, chiyankhulo chikutha. Osanthula otsatira maganizo a Carl Jung amati apa Jones watsikira m'chikumbumtima cha mtundu wake wonse. Koma chifukwa chiyani pansi pa chikumbumtima cha munthu wakuda payenera kupezeka ng'ona ndi kubuula? Ngakhale ng'oma ija, yomwe O'Neill adati adaiganiza atawerenga za miyambo ya ku Congo, idalandidwa lilime. Aliyense amene adaimapo pabwalo la gule wamkulu adziwa kuti mbalule imakambirana ndi mapazi a wovina, imaitana, imadzudzula. Ng'oma ya O'Neill siyankhula kanthu. Ndi wotchi yowerengera mantha. Imagwira ntchito yake modabwitsa pabwalo, sindikana, koma ndi ng'oma ya munthu amene adaimvera patali.

Anthu akuda a ku America sadagwirizane pa seweroli. W. E. B. Du Bois adaikira kumbuyo O'Neill, poona kuti zisudzo zosonyeza munthu wakuda ngati mngelo nthawi zonse nzabodzanso. Nyuzipepala ya Marcus Garvey, Negro World, idasindikiza zolidzudzula, ndipo nzosadabwitsa: mu August 1920 Garvey adali atangosankhidwa ndi omutsatira kukhala mtsogoleri wongogwirizira wa Africa, ndipo ambiri ankamuona iye mwa Jones. Langston Hughes, m'buku la mbiri ya moyo wake The Big Sea, akusimba za tsiku limene Jules Bledsoe adasewera Jones ku Lincoln Theatre ku Harlem. Anthu adafa nazo nseko, namufuulira kuti atuluke m'nkhalangomo abwerere kwawo ku Harlem. Ena amati anthuwo sadalimvetse sewero. Mwina adalimvetsa bwino lomwe, ndipo adakana kuti nkhalango imeneyo ili m'mitima mwawo.

Wowerenga wa kuno kwathu sachedwa kuyerekeza Jones ndi atsogoleri ankhanza a mu Africa, makamaka Jean-Bédel Bokassa amene adadziveka chisoti chaufumu mu 1977. Fanizoli nlokopa koma limasocheretsa. Jones ndi mlendo pachilumbapo, Mwamerika wobwera ndi mfuti, ndipo akunena yekha kuti adaphunzira kwa azungu a m'sitima kuti kuba pang'ono kumakulowetsa m'ndende pamene kuba kwambiri kumakupatsa ufumu. Pamene seweroli linkalembedwa, asilikali a America adali atalanda Haiti kuyambira 1915, ndipo adachokako mu 1934. O'Neill adadzudzula umbombo wa dziko lake, koma adauveka nkhope yakuda. Mphamvu ya seweroli ndi chilema chake zonse zili pamenepa.

Paul Robeson adatenga mbaliyi mu 1924, napita nayo ku London mu 1925. Mu 1933 adaseweranso mu filimu ya Dudley Murphy, yomwe idawonjezera mbiri yaitali ya moyo wa Jones ku America kotero kuti nkhalango idangotsala kumapeto. Liwu lija lidalimo, ndipo nyuzipepala za anthu akuda zidadandaula. Chaka chomwecho ku Metropolitan Opera kudaimbidwa opera ya Louis Gruenberg yochokera pa seweroli, ndipo Jones adali mzungu, Lawrence Tibbett, wodzipaka mwaye. Patangotha zaka 13 chiyambire Gilpin, mwaye udabwerera.

Mwaye womwewo ndiwo udabala china chosayembekezeka ku South America. Mu 1941 Abdias do Nascimento wa ku Brazil adaonerera seweroli ku Lima, Jones ali mzungu wodzidetsa nkhope. Chidamuwawa, ndipo mu 1944 adayambitsa gulu la Teatro Experimental do Negro, lomwe linkaphunzitsanso antchito a m'nyumba ndi a m'mafakitale kulemba ndi kuwerenga. O'Neill adawalola kuchita seweroli osalipira kanthu. Pa 8 May 1945 Aguinaldo Camargo adaima ngati Jones mu Theatro Municipal ku Rio de Janeiro, nyumba imene munthu wakuda sankayembekezeka kukhala mtengambali wamkulu. Sewero lomwe ku Harlem lidasekedwa, ku Rio lidatsekula khomo.

M'zaka zapafupi, otsogolera aluso akhala akulimbana ndi mawu a O'Neill poyera. Mu 1993 gulu la Wooster Group la ku New York, motsogozedwa ndi Elizabeth LeCompte, lidapereka mbali ya Jones kwa mzimayi wachizungu, Kate Valk, wodzipaka mwaye, atavala zonga za zisudzo za kabuki za ku Japan, akuyankhulira pa maikolofoni, Willem Dafoe ali Smithers. Valk adatchula mawu monga momwe adalembedwera, mokokomeza, kuti womvera azindikire kuti si liwu la munthu wakuda ayi, koma chigoba chosemedwa ndi mzungu. Nzeruyo ndiimvetsa, ngakhale ndikayika ngati chilonda chimapola pochionetsa mwaluso kwa anthu amene sichikuwapweteka. Ena adatsata njira ya Gilpin. Paterson Joseph ku Gate Theatre ku London mu 2005, ndiponso ku National Theatre mu 2007, ndi John Douglas Thompson ku Irish Repertory Theatre mu 2009, adamubwezera Jones thupi, nzeru ndi mantha a munthu weniweni. M'sewero la Thompson mizukwa ya m'nkhalango idali zidole ndi zigoba, kotero kuti zimene zidali zabodza zidaoneka kuti nzabodza, munthu yekha ndiye adatsala woona.

Womasulira seweroli m'Chichewa angakumane ndi vuto limene O'Neill adalizemba. Ife tilibe kalembedwe kozolowereka kopotozera mawu a munthu posonyeza khungu lake, choncho Jones angayankhule Chichewa chathunthu, mwina cha m'tauni chosakaniza ndi Chingerezi. Liwu lachipongwe lija lilibe mnzake wolingana nalo kulemera. Nanga Lem? Dziko ndi lake, ndipo palibe chifukwa chomupatsira Chichewa choduka. Woyenera kuthyola chiyankhulo ndi Smithers, monga ankachitira azungu ena a m'minda ya fodya ndi tiyi, amene ankadziwa mawu olamulira okha. Zikatero gawo lomaliza lingamveke mwina: mfumu ikufotokoza modekha, m'chiyankhulo chosalala, mmene anthu ake adasungunulira ndalama usiku wonse, mzungu ali chilili pambali kusakasaka mawu oti amunyozere.