Mbiri ya Achewa ndi Funso la Pabwalo

Pabwalo la milandu mfumu yanzeru sithamangira kugamula. Mboni ikatha kulankhula, mfumu imayamba yafunsa ngati munthuyo anaona ndi maso ake, kapena anangomva. Ndipo ngati anamva, anamva kwa yani. Funso limeneli ndilo likusoweka m'zolemba zambiri za ophunzira uphunzitsi, makamaka akapatsidwa ntchito yolemba za chiyambi cha Achewa. Ambiri amatsegula buku la S. J. Nthara lotchedwa Mbiri ya Achewa, natapamo ndime zathunthu, naziika pansi pa dzina lawo ngati kuti nkhanizo anazifukula okha. Potero amalakwira mwini buku, amalakwiranso ana amene adzawaphunzitsa.

Bukuli ndi loyenera ulemu. Nthara, amene anabadwa mu 1905 namwalira mu 1976, anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Anayamba kutchuka ndi Nthondo, buku limene linapata mphotho mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. M'zaka za m'ma 1940 anatulutsa Mbiri ya Achewa, m'mene anasonkhanitsa nkhani za akuluakulu zonena za maulendo a makolo, za Kalonga, ndi za mafumu amene anabalalika nakhazikitsa maufumu awo. Pa nthawi imene mbiri ya dziko lino inali kulembedwa kwambiri ndi alendo, iye anasonyeza kuti zokamba nkhalamba pansi pa mtengo n'zoyenera kusindikizidwa. Chinyanja chake n'chomveka bwino, chosapotoza, ndipo mwana wa sukulu angathe kuchitsata.

Koma ubwino womwewo ndiwo umakola ophunzira. Popeza nkhani ikuyenda mosalala, wowerenga amaiwala kuti wolembayo sanamuone Kalonga woyamba. Nthara anali mboni yakumva, ndipo amene anamuuza nawonso anamva kwa makolo awo. Mfumu iliyonse pofotokoza mbiri imakumbukira bwino zokweza mpando wake, niiwala zouchepsa. Tsono bukuli ndi mboni, si woweruza ayi. Ndipo wolitenga ngati chigamulo chotsiriza walisenzetsa katundu amene silingathe kunyamula.

Akatswiri a mbiri anachita nalo mwa njira ina. Mu 1973 bukuli linatuluka m'Chingerezi, lomasuliridwa ndi W. S. Kamphandira Jere, pamodzi ndi ndemanga za Harry Langworthy, amene anali atafufuza kale mbiri ya ufumu wa Undi. Mu 1975 Kings M. Phiri anatsiriza kafukufuku wake wa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati, wotsamira pa nkhani zapakamwa. Amenewa sanamtaye Nthara, sanangomtsata m'mapazi. Anamuika pabwalo pamodzi ndi mboni zina. Pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mboni zinazo zilipo. Gaspar Bocarro, Mpwitikizi, anayenda kuchokera ku Tete kunka ku Kilwa mu 1616, nakomana ndi mfumu Muzura panjira. António Gamitto anadutsa m'maiko a kumpoto kwa Zambezi mu 1831 ndi 1832 pa ulendo wa kwa Kazembe, ndipo buku lake linasindikizidwa ku Lisbon mu 1854. Iyeyu analemba za Amaravi ndi Achewa ngati magulu awiri osiyana. Wophunzira wowerenga Nthara yekha sadzakomana nalo vuto limeneli. Wowerenga onse awiri adzakakamizidwa kuganiza. Koma nayenso Gamitto ayenera kufunsidwa, popeza anali mlendo wapaulendo, woyang'ana zinthu ndi maso a kwawo. Kulembedwa papepala sikusandutsa mawu kukhala oona.

Chifukwa chake wophunzira wolemba bwino amasiyanitsa zinthu zitatu. Akatenga mawu enieni a wolemba, amawatsekera m'zizindikiro zogwira mawu, natchula dzina, buku, chaka ndi tsamba. Akafotokoza ganizo la wina m'mawu akeake, amamtchulabe mwini ganizolo, pakuti mbuzi yobedwa sikhala ya wakuba chifukwa chakuti waimangira chingwe chatsopano. Akafika pa maganizo ake, amasonyeza poyera kuti apa akulankhula yekha, napereka zifukwa. Lamulo lomweli likhudzanso nkhalamba ya kumudzi imene yamfotokozera mbiri: alembe dzina lake ikalola, mfunda wake, mudzi wake ndi tsiku limene anacheza nayo. Nkhalamba yosadziwa kulemba ili ndi ufulu wotchulidwa wolingana ndi wa mphunzitsi wa ku yunivesite.

Ena amayesa kuti kutchula magwero kumachepsa wolemba, kumuonetsa ngati wopanda nzeru zake. Kumeneku ndi kulakwa. Wotchula kumene watenga amalola wowerenga kubwerera m'njira yomweyo kukaona yekha. Akapeza cholakwa, chimakonzedwa. Wobisa kumene watenga amatseka njira, ndipo cholakwa chake chimakhala cha muyaya. Mphunzitsi wa pulayimale aimirira patsogolo pa ana ambiri chaka ndi chaka, ndipo chimene wanena iye ana amachilandira ngati choonadi. Akalakwa m'kope lake la kukoleji, adzalakwa m'makope mazanamazana.

Tsono Mbiri ya Achewa iwerengedwe, ndipo iwerengedwe modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthara anayenda, anafunsa, namvera. Wophunzira wofuna kumlemekeza atengere khalidwe lakelo m'malo mokopera ziganizo zake. Ndipo tsiku lina mwana akadzaimika dzanja m'kalasi nafunsa kuti, "Aphunzitsi, zimenezi munazimva kwa yani?" mphunzitsiyo asadzakwiye, koma adzakhale nalo yankho.