Mkazi Ali M'tulo, Wojambula Ali Maso

Mu 1912, mumzinda wa Vienna, wojambula zithunzi Oskar Kokoschka anagwa m'chikondi ndi Alma Mahler, mkazi wamasiye wa katswiri wopeka nyimbo Gustav Mahler. Chibwenzi chawo chinadzaza nsanje ndi mikangano, koma chinabala chithunzi chachikulu chotchedwa Die Windsbraut, chomwe anachipenta mu 1913 ndi 1914. Lero chili ku Kunstmuseum ya ku Basel.

M'chithunzichi awiriwo agona pakati pa namondwe, popanda bedi kapena nthaka pansi pawo. Alma watsamira paphewa la mwamunayo, ali m'tulo tofa nato. Kokoschka tulo tamuthawa: maso ali tong'o, zala zapiringizana pamimba, mfundo zake zatupa.

Luso lonse lagona pa kayendetsedwe ka burashi. Thupi la mkazi walipaka mosalala ndi utoto wowala. Lake walikalakala ndi mizere yokhakhala, yotuwa ndi yobiriwira, moti mnofu ukuoneka wosendeka. Kuzungulira onsewo utoto wabuluu ukuwinduka ngati mitambo ya chiperoni ikamakhuthukira mumpata wa Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Ojambula a kalembedwe kotchedwa Expressionism, monga Kokoschka, sankapikisana ndi kamera pofanizira nkhope. Ankapotoza thupi mwadala kuti zamumtima zionekere pakhungu, ndipo apa Kokoschka anakhoza: usanauzidwe mbiri yawo, manja aja akuuza kale kuti munthuyu akuopa kusiyidwa.

Chofooka chake chilinso pomwepo. Mantha onse, maganizo onse, wadzipatsa yekha. Alma, amene nayenso ankapeka nyimbo ndipo sankalola kuponderezedwa, wamutseka maso, wamusandutsa chinthu chongokumbatiridwa. Taonani kusiyana ndi wojambula mnzake Egon Schiele, amene mu 1912 anapenta wokondedwa wake Wally Neuzil atapendeketsa mutu, maso akuluakulu abuluu akukuyang'ana iweyo. Wally ali ndi zakezake zoganiza, Alma walandidwa.

Mu 1915 Alma anakwatiwa ndi mwamuna wina, Walter Gropius. Mu 1918 Kokoschka analamula Hermine Moos wa ku Munich kuti amusokere chidole cha msinkhu wa Alma, nachijambula m'zithunzi zina. Ambiri amati kunali kupenga kwa chikondi, koma burashi inali itaulula kale khumboli: ankafuna mkazi amene sangadzuke n'kumutsutsa. N'chifukwa chake Die Windsbraut ndi chithunzi chopambana cha nsanje ya mwamuna, koma chosakwanira ngati chithunzi cha Alma Mahler.