Ng'oma ya Osenza Zipolopolo ku Niassa ndi Tete

Gunda ng'oma, mnyamata, gunda zolimba, amve ali kutsidya kwa Zambezi!

Ndikutchula inu Ayendausiku, Asenzamoto, Akhosilosathyoka. Inu amene munatenga bokosi la zipolopolo lochokera ku msasa wa ku Nachingwea n'kuliika pankhata, mwana ali kumbuyo, n'kuwoloka Rovuma tambala asanalire. Mpwitikizi anali ndi ndege, anali ndi magalimoto ankhondo, anali ndi msewu. Inu munali ndi phazi ndi njira ya kumunda.

Aobamfuti a pa Chai, pa 25 Sepitembala 1964, ndinu Ayambitsachimvula! Munali ochepa, Apwitikizi anaseka. Anaiwala kuti chibalo ndi thonje lokakamiza zinali zitakulemberani kale asilikali m'mudzi uliwonse.

Inu Akwiriramoto, wobisa bomba pamsewu wafumbi n'kusesapo ndi tsamba, kenaka n'kukagwira khasu. Inu Amenyanathawa, Alinthumbu olowa m'chitamba cha njovu! Kaúlza de Arriaga, mkulu wa asilikali a Mpwitikizi, anabwera mu 1970 ndi nkhondo yake ya Nó Górdio, nati amaliza zonse ku Cabo Delgado. Anatentha misasa, anapeza mapulusa okha, eni ake atatsetserekera ku Tete, kumene damu la Cahora Bassa linkamangidwa.

Koma inu amayi, Aphikamumdima, ndiimepo pa inu. Munkasinja usiku, kuphika utsi usanaoneke, kusiya chinangwa patsinde pamtengo osafunsa wodzadya. Atakukokerani m'midzi ya mpanda wawaya kuti ana a m'tchire afe ndi njala, ufa unkatulukabe m'nsalu. Msilikali akafunsa, yankho linali limodzi: "Sitinaone munthu, bwana." Mawu amenewo ena anawalipira ndi moyo. Wiriyamu, Juwau, Chaworha, pa 16 Disembala 1972, anthu pafupifupi 400 anaphedwa, ana ndi nkhalamba zomwe. Ng'oma isathamange pamenepa. Ndinu Aosaulula, Afanachinsinsi.

Mtsogoleri wanu Mondlane anamupha ndi bomba la m'phukusi mu 1969, katundu sanatsike pamutu. Josina Machel, mtsogoleri wa amayi omenya nkhondo, anagona mu 1971, atsikana ake anapitirira ulendo.

Atopetsachimphona! Munamenya mpaka asilikali a ku Lisbon anatembenukira boma lawo lomwe pa 25 Epulo 1974. Ku Lusaka anasaina pangano la ufulu, ndipo pa 25 Juni 1975 mbendera ya Mpwitikizi inatsika pa bwalo la Machava. Nthungululu, amayi, dzukani muvine ndi mapazi omwewo ong'ambika!